Mtchona Amene Ndinamata ndi Phala

Bodza ndimanama, zimenezo sindikana. Aliyense wogula ndi kugulitsa pa Kampepuza akundidziwa ine Fanuwelo Chikhasu. Ndine uja ndinagulitsa tambala wa diso limodzi kwa mlaliki nditamuimika chammbali. Ndine uja ndinadya maukwati awiri Loweruka limodzi, uku ndili wakuchimuna, uko ndili wakuchikazi, chonsecho akwati onse anayi sindikuwadziwa. Koma izi ndikukuuzani lerozi musafulumire kuseka. Ndikanakhala ndikupeka, bwenzi nditadzipatsa mbali yabwino.

Zinayamba ndi mapepala. Atamwalira aphunzitsi akale, a Kamtedza, ana awo anandiitana kuti ndikachotse zinyalala m'kachipinda ka kuseri. Mkulu ameneyu pepala sankataya. Nyuzipepala za Chinyanja za nthawi ya azungu anazimanga ndi luzi, chaka chilichonse mtolo wakewake, mpaka kugunda denga. Anawo anati ndikatenthe. Ine ndinavomera ndi mutu, nkubwereka ngolo, zonse ulendo wa kwathu. Pepala lakale limapichira fodya bwino, abale, silikanda pakhosi ngati la masiku ano.

Sukulu ndinalekera sitandade 4. Powerenga ndimalondola ndi chala, koma maina a anthu ndimawagwira msanga. Tsiku lina ndili pafupi kung'amba tsamba, ndinaona dzina la agogo ake a mnzanga wokonza njinga. Kuyang'anitsitsa, ndinapeza kuti kumapeto kwa nyuzi iliyonse kunali tsamba la za m'mabanja: uje wakwatira, kwa uje kwabadwa mwana, uje wamwalira, uje akufuna mbale wake. Ambiri olembedwamo anali matchona, amuna aja anapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni osabwerako. Mnzangayo nditamuonetsa analira ngati mwana, nkundimwetsa masese mpaka dzuwa kupendeka.

Mbiri inawanda. Anthu anayamba kubwera ndi maina olembedwa pa timapepala, wina kufuna agogo ake, wina amalume ake. Ena ndinkawapezera, ambiri ayi. Pamsika anandipatsa dzina loti Pulofesa, ine nkugula magalasi opanda mphamvu, ongovalira ulemu.

Mwezi wa Julaye, mphepo ya ku Tsangano ikuluma makutu, kunabwera mayi wina wachikulire. Iwowo magalasi awo anali enieni, ochindikala ngati pansi pa botolo. Anati ndi a Elinati Ngozo, mphunzitsi wopuma wa ku Blantyre. Ine ndinkangoti a Nangozo.

“Bambo anga anali a Witinesi Ngozo,” anatero atakhala pa kampando. “Anachoka mu 1958 ine ndili m'mimba, ulendo wa ku migodi ya malasha ku Halale. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Mayi anga, a Nanzunga, alipo kuseri kwa phiri uko. Akukana kufa.”

“Munthu amakana bwanji kufa, mayi?”

“Simunawaone inu. Kuchipatala anawabweza kawiri kuti akatsirizikire kunyumba. Iwo akuti sindipita ndisanadziwe ngati mwamuna uja anafa kapena anandithawa. Zaka 61 funso lawo lomwelo. Chakudya asiya, angotsala mafupa, koma maso ali tong'o kuyang'ana kunjira. Ndithandizeni, a Chikhasu, mayi anga apumule.”

Ndinafufuza masiku atatu, mphuno zitadzaza fumbi. Tsiku lachitatu masana ndinamupeza mu mtolo wa 1963. Mzere woyamba unati: “A Witinesi Ngozo a ku Ntcheu, Nyasaland.” Ndinadumpha ndi chimwemwe. Koma chala chitatsikira mzere wachiwiri, chimwemwe chinathera pompo. Mkulu uja sanafe. Anali atakwatira mkazi wa komweko, mu tchalitchi, ndipo wolembayo anachita kunyadira kuti paukwatipo panaphedwa ng'ombe.

Pansi pake penipeni panali chidziwitso china, cha munthu wina. Dzina lake linali pamzere woyamba, kenako mawu awa: “Anamwalira pa 2 Juni m'chipatala cha pamgodi ndi nthenda ya chifuwa. Nambala yake ya ntchito 4471, komboni yachitatu. Anaikidwa ndi anzake. Abale ake sakudziwika. Womudziwa alembe kalata.”

Ndinaika pepala lija pamwendo. Ndikaime bwanji pamaso pa nkhalamba yodwala nkuiuza kuti amuna anu ankadya ng'ombe inu mukusuzumira kunjira? Chisoni chinandigwira, zoona. Koma ndisadziyeretse: ndinaganizanso zoti maliro amakhala ndi nyama, pamene nkhani ya ukwati wa 1963 ilibe ndi tiyi yemwe.

Ndinanyowetsa mpeni ndi malovu nkudula tsamba lija pawiri, pansi pa dzina la Witinesi ndi pansi pa dzina la winayo. Chapakaticho ndinachotsa. Zotsalazo ndinazilumikiza, kuseri nkumata kapepala ndi phala la ufa woyera. Masamba ambiri anali odyedwa ndi chiswe ndipo ndinkawamata choncho, ndiye palibe akanadabwa. Witinesi Ngozo wa ku Ntcheu tsopano anali atamwalira ndi chifuwa, nambala yake 4471.

Kachidutswa kapakati kaja, ka ukwati ndi dzina la mlendo uja, ndinati kasapezeke. Ndinapichirapo fodya nkusuta. Anali wowawa modabwitsa, ndipo anazima katatu popanda mphepo.

A Nangozo atawerenga anavula magalasi nkulira mosatulutsa mawu. Anandipempha kuti tipitire limodzi kwa mayi awo. Tinawapeza a Nanzunga atagona pamphasa pakhonde, kamunthu kochepa ngati mtolo wa bango. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Iwe sindiwe mwana wa Chikhasu wakuba nkhuku uja?”

“Ndine ndemwe, agogo.”

“Nkhope ndi yomweyo. Elinati, werenga timve.”

A Nangozo anawerenga. Nkhalamba inatafuna chinthu chomwe munalibe m'kamwa.

“Chifuwa? Witinesi anali ndi chifuwa ngati cha ng'ombe.”

“Fumbi la malasha, amayi, limadya munthu m'kati.”

“Chabwino. Ngati anafa, muikeni. Asamangoyendayenda m'maiko a eni.”

Abale ake a Witinesi anali a kutsidya kwa malire, ndipo nkhondo ya kumeneko ija inawamwaza kalekale. Choncho anagwirizana zomuika m'mphepete mwa manda a kwa akazi ake. Kwathu kuno munthu akafera kutali thupi osaoneka, timatenga chipatso cha mvunguti, kuchikulunga m'nsalu yoyera, nkuchiika m'manda m'malo mwake. Wamagazi ake amaima pamutu pa dzenje nkumuitana, kumuuza kuti kwanu ndi kuno, bwerani mudzagone.

Linali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo. Woitana anali a Nangozo. Mukudziwa aphunzitsi, sadumpha mzere. M'malo mongotchula dzina, anatulutsa pepala langa lija nkuwerenga lonse, mokweza ngati ali m'kalasi. “Witinesi Ngozo wa ku Ntcheu. Nambala 4471, komboni yachitatu. Bwerani kwanu, bambo. Tikukudikirani.”

Atatchula nambala ija, njiwa zimene zinkalira m'mitengo ya kumanda zinaleka zonse nthawi imodzi. Adzukulu anayi anayamba kutsitsa kabokosi. Mvunguti ndi chinthu choti munthu amanyamula ndi dzanja limodzi, koma ndinaona zingwe zikuwadula m'manja, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mmodzi ananong'ona kuti, “Mwaikamo miyala kodi?”

Pa nthawi ya chakudya, mkulu wa adzukulu, a Sandalamu, amene paunyamata wawo anagwirako ntchito ku Joni, anandikokera pambali.

“Pulofesa, nambala ija anawerengeranji?”

“Inalembedwa pomwepo, madala. Yalakwa chiyani?”

“Iwe sunapiteko. Kumgodi dzina umalisiya pageti. Kapitawo akaitana dzina sutembenuka, koma akaitana nambala umadzambatuka ngakhale uli m'tulo. Ndi kumanda komwe salemba maina, amangokhoma kachitsulo ka nambala.” Anatafuna nyama pang'ono nkupukusa mutu. “Komabe poti ndi yake yomwe, palibe kanthu.”

Nthuli imene inali m'kamwa mwanga ndinailavulira kumbali.

Sabata yoyamba kunalibe chilichonse, mpaka ndinayamba kudziseka. Sabata yachiwiri, dalaivala wina wa thiraki amene amaima pa Kampepuza kugula mbatata ya kachewere anatiuza nkhani tili pa bawo. Anati pa Zobuwe, m'malire muja, anaona bambo wamtali atavala jasi lalitali la makedzana, atanyamula sutikesi yachitsulo, akuyenda m'mbali mwa msewu. Anamufunsa njira ya ku Ntcheu.

“Ndinati kwerani, madala, ndikupita komweko. Anangopukusa mutu, akuti galimoto za mtundu uwu sakuzidziwa. Chichewa chake chachikale, ngati cha m'buku la nyimbo.”

“Nkhope yake njotani?” ndinafunsa, mbewu za bawo zikundigwa m'manja.

“Ndinamuyang'ana bwinobwino, aise. Koma taonani, sindikuikumbuka.”

Patapita masiku anayi, mayi wina wogulitsa tomato anati anamuona pa Zalewa ataima pamlatho, akutsokomola. Lolemba lotsatira, kondakitala wa minibasi anamuona pa Chingeni. Aliyense ankanena jasi lomwelo, sutikesi yomweyo, chifuwa chomwecho, nkhope palibe. Ine ndinkangowerenga mitunda chamumtima. Munthuyo sankathamanga, komanso sankapuma.

Lachisanu, a Mofati a kabaza, bambo a ana asanu amene sachita mantha ndi chilichonse, anafika pamsika nkutsamiritsa njinga pamtengo osalankhula ndi munthu. Milomo inali itayera.

“Mwagwa, a Mofati?”

“Ndanyamula munthu pamphambano apo. Akuti mundiperekeze kwa a Nanzunga. Njinga kulemera ngati ndakweza matumba atatu a chimanga. Akatsokomola, mpweya wake pakhosi panga pano kuzizira ngati madzi a m'mtsuko. Tafika pa mtengo wa mkuyu uja, njinga yangopepuka. Kucheuka, palibe munthu. Sindinaime, sanatsike.”

Tinapita kukaona njinga. Pampando wa kumbuyo panali fumbi lakuda bii. Wina analigwira nkununkhiza. Sanali makala a nkhuni athuwa. Linkanunkha ngati sitima zakale.

M'mawa mwake akazi anga, a Nachanza, anandidzutsa ndi mkwiyo. “Bambo a Dolika, mukafuna kusuta muzimanganso mapepala anuwa. Ine ndatopa nkutola.”

Ndinapita kuchipinda cha nyuzi. Mtolo wa 1963 unali womasulidwa, luzi litakulungidwa bwinobwino pambali, ntchito ya munthu waudongo. Masamba anali atayalidwa pansi limodzilimodzi, onse atatembenuzidwa kumbali ya za m'mabanja. M'mphepete mwa tsamba lililonse munali chidindo cha chala chachikulu, chakuda. Ndinaikapo changa. Changa chinalowa m'kati nkutsala malo.

Ndinamanga mtolo uja ndi mfundo zitatu, nkusanjikizapo mwala wa mphero. Kutacha ndinapeza mwala uli pakona, luzi lokulungidwa, masamba ali mbwee. Tsiku lachitatu sindinamangenso. Ndinadziwa chimene ankafuna, ndipo ndinadziwa kuti sachipeza.

Kenako a Nangozo anatumiza uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, maso atalowa m'kati.

“A Chikhasu, ine ndine mayi wa Mvano. Za mizimu sindigwirizana nazo, ndipo mvunguti uja ndinangolola chifukwa cha amayi. Koma tamverani. Amayi ayamba kudya. Dzana anadzuka okha nkusesa pakhonde. Akuti ndizipakula mbale ziwiri. Madzulo aliwonse akuti ndiike madzi otentha kubafa, iwo osapitako. Ndikapita kukatenga beseni, madzi ali bii.”

“Kapena ndi mwaye wa m'khitchini, mayi.”

“Nkhuku zasiya kudutsa mbali iyo ya khonde, zikumazungulira. Dzulo masana ndimasesa pafupi ndi mpando wa ndalema wa pakhondepo.” Anacheukira kukhonde. “Wina anasuntha miyendo kuti tsache lidutse. Ndinamva nsapato zikukhwekhwereza pansi.”

Iwo anandigwira mkono, ndipo chimene ndinaona pankhope pawo sanali mantha okha.

“Ndi bambo anga eti? Ine sindinawaonepo, a Chikhasu. Dzulo lomwelo ndinati, ‘Mwaswera bwanji, bambo?’ Chifuwa chija chinasiya kaye. Ngati amamvetsera.”

Ndanamizapo anthu ambiri, koma tsiku limenelo “eya” anandilemera ngati mwala. Ndinamutulutsabe.

Kuchoka apo ndinathamangira kwa a Sandalamu. Ndinawapeza akusema mpini. Ndinayamba mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina.

“Madala, tiyerekeze kuti anthu aitana mzimu, nkubwera wolakwika. Amatani?”

Anasiya kusema nkundiyang'ana. “Fanuwelo, wachita chiyani?”

“Ndangofunsa.”

“Amapita naye pamphambano ndi ufa pang'ono, nkumutchula dzina lake lenileni, la kwa amake, nkumupepesa kuti talakwitsa khomo, kwanu ndi kwakuti. Nambala imadzutsa munthu, koma siimuperekeza kwawo. Dzina ukulidziwa?”

Ndinayesa kukumbuka. Ndinaliwerenga kamodzi kokha, mothamanga, maso ali pa ng'ombe ya Witinesi. Linkayamba ndi M, kapena N. Kapena linali lalifupi. Ndikati ndaligwira, linkaterereka ngati mlamba.

Ndinaganiza kuti zidziwitso zotere nthawi zina ankazibwereza sabata yotsatira. Ndinafika kunyumba thukuta lili kamukamu, nkusanthula masamba onse. Nyuzi ya sabata yotsatira panalibe. Ya sabata inayo panalibenso. Ndipamene ndinakumbukira kuti miyezi yoyambirira ija, ndisanakhale Pulofesa, mtolo umenewu ndi umene unali pafupi ndi khomo. Masamba ena ndinasuta, ena ndinapatsa amayi a mandasi kuti azikulungira.

Panatsala njira imodzi, imene sindinaiyendepo chibadwire: kunena zoona.

Ndinadikira tsiku limene a Nangozo anapita kuchigayo. Inali nthawi ya masana, kunja kuli phee, ngakhale mphepo itaima. A Nanzunga anali atakhala tsonga pamphasa, atavala duku latsopano, akusoka malaya aamuna akalekale. Pambali pawo panali mpando wa ndalema. Ndinati ndikhalepo.

“Osati pamenepo! Ulibe maso?”

Ndinakhala pansi, patali. Pakhondepo pankanunkha malasha onyowa. Nsalu ya mpando uja inali yolendewera pakati, monga imachitira pakakhala munthu. Sindinayang'anenso kachiwiri.

Ndinaulula zonse, maso ali pansi. Za mpeni, za phala, za fodya wozima katatu. Nditamaliza ndinadikira kulira, kapena temberero. Ndinangomva singano ikulowa m'nsalu.

“Paukwatipo anapha chiyani?”

“Ng'ombe, agogo.”

“Ng'ombe!” Anaseka mpaka kugwira nthiti. “Kwa ine anapha nkhuku, nayonso yobwereka kwa amalume anga. Mkaziyo dzina lake ndani?”

“Ndinasuta, agogo.”

“Apo pokha unachita bwino.”

Anapitiriza kusoka. Kenako anati, “Ukuyesa sindinadziwe? Iwe mwana wa Chikhasu, ine ndinagona naye mphasa imodzi Witinesi. Anali wamfupi, wolongolola ngati wailesi, wosadziwa kusamba mapazi. Uyu polowa m'nyumba amawerama. Akadya amabweza mbale pamalo pake. Tsiku loyamba lomwe ndinadziwa kuti si iye. Chimene sindinkadziwa nchoti winayo anathera kuti. Lero wandiuza.”

“Ndiye timubweze, agogo. A Sandalamu akuti…”

“Timubwezere kuti? Kwa yani? Zaka 56 ali m'dothi la eni, palibe ndi mmodzi yemwe anatenga pensulo kumufunsa. Ine Witinesi ndinamuitana zaka 61, m'mapemphero, m'makalata, mwa anthu opita komweko. Sanabwere. Uyu waitanidwa kamodzi kokha, molakwitsa, wayenda wapansi kuchoka ku Halale. Tandiuza iwe Pulofesa, mwamuna ndi uti pamenepa?”

Kumpando kuja kunamveka chifuwa. Sichinali chokweza. Chinali chouma, chochokera pansi penipeni, cha munthu amene akuyesetsa kuti asasokoneze anthu akulankhula.

“Elinati usamuuze,” anatero a Nanzunga motsitsa mawu. “Akamati bambo, uyu amakondwa. Analibe mwana. Ndipo naye Elinati analibe womuyankha. Zisiye choncho.”

“Ndamva, agogo. Ndiye ine ndizipita.”

“Khala pansi, sindinathe.” Analuma ulusi nkuulavula. “Funso langa layankhidwa, ndiye ine ndatsala pang'ono. Koma kumene ndikupitako kuli amayi anga ndi amalume anga, anthu ovuta. Adzandifunsa kuti mwamuna wabwera nayeyu ndi mwana wa yani. Munthu wopanda dzina samulandira kumeneko. Elinati abwerera ku Blantyre, nyumba ino itsekedwa. Ndamufunsa kuti nanga inu bambo mudzalowera kuti.”

“Ayankha chiyani?”

“Akuti dzina lawo analiiwala okha, kumgodi ankangomva nambala. Linatsala papepala lija basi. Ndiye akuti poti unalisuta, lili mwa iwe, m'chifuwamo. Akuti usade nkhawa, sakukwiyira. Adikira mpaka lituluke.” Anandiyang'ana ndi timaso tawo towala. “Kudikira amakudziwa bwino, ameneyu.”

Sindikumbuka mmene ndinafikira kunyumba. A Nachanza akuti ndinalowa ndi nsapato imodzi.

A Nanzunga anakhala masiku asanu ndi anayi. Akuti anadya bwino, anasamba, anauza mwana wawo kuti achotse mphasa pakhonde poti kunjira kulibenso choyang'ana, nkugona osadzukanso. Tinawaika pafupi ndi mvunguti uja, monga ananenera. Bokosi lawo linali lopepuka ngati mulibe kanthu. A Nangozo pokwera basi anandigwira manja onse awiri nkunena kuti, “Mulungu akudalitseni, munandipezera bambo.” Ndinangoti zikomo.

Tsiku lotsatira akazi anga anapita kumsika. Ine ndinakhala m'nyumba, chitseko chotseka, ndikudziuza kuti nkhalamba zimalankhula zambiri zikatsala pang'ono kufa. Dzuwa linali paliwombo. Nkhuku zinali pabwalo zikupalasa, kenako ndinazimva zikuthawira kuseri zonse pamodzi, osalira nkomwe.

Kunjira kunamveka nsapato. Zolemera, zosafulumira. Zinadutsa pa mtengo wa mango, zinadutsa pa thandala la mbale, zinakwera pakhonde. Chinthu chachitsulo chinaikidwa pansi pang'onopang'ono, mwaulemu.

“Odi.”

Mawu ake anali wamba, abale, a munthu wotopa. Ndikanakonda akanakhala oopsa, bwenzi nditakuwa anthu nkubwera. Ndinayang'ana zenera, ndinayang'ana khomo la kuseri. Koma munthu amene anayenda wapansi kuchoka ku Halale ungamuthawire kuti? Ndipo anamuitanitsa ndani?

“Lowani, achimwene,” ndinatero.

Ino ndi miyezi isanu. Savuta. Sagwetsa zinthu, saopseza alendo. A Nachanza anakalipa sabata imodzi, kenako anangoyamba kuonjezera ufa osandifunsa. Fodya ndinasiya, koma chifuwa chandiyamba, chouma, chosamva mankhwala. Masana tikakhala pakhonde, iye uko ine kuno, timatsokomola mosinthana ngati achule a m'dambo.

Chimodzi chokha ndi chimene sindinachizolowere. Ndikayamba kutsokomola ine, iye amasiya. Mpando umalira pang'ono, kusendera kufupi. Ndimamva kuzizira pafupi ndi pakamwa panga, ndipo amakhala chete, chete, kumvetsera chimene chituluke.